Miyala Imene Tinazula ku Kentucky

Ndimakhala ku Evington tsopano, mumzinda wa Leicester, m'chipinda chakumbuyo cha nyumba ya mwana wanga Tiyamike, amene ndi namwino. Anthu a kutchalitchi kuno amandidziwa ngati gogo amene anabwera kudzapumira kwa mwana wake. Ndi ochepa amene akudziwa kuti aka si koyamba kuti ndikhale kunja. Ndisanaone England ndinagwira ntchito zaka zisanu m'minda ya fodya ku America, kudera lotchedwa Kentucky. Ndikulemba pang'onopang'ono, chifukwa cholembera ndinachidziwa imvi zitayamba kale.

Ndinali tenanti pa esiteti ina ku Kasungu. Mbusa wachizungu amene ankabwera kudzalalikira kumeneko anali ndi mkulu wake wolima fodya kwawo, dzina lake a Harold, ndipo antchito ankawasowa. Mbusayo anasankha anthu awiri, ine ndi Fanuwelo wa ku Dowa, poti ndife tinkamanga zigafa zosagwa ndi mphepo. Mapepala anayendetsa yekha mbusayo. Fanuwelo anasayina, pakuti analekeza sitandade sikisi. Ine ndinadinda chala. Mkazi wanga anandiperekeza mpaka pa siteji ya basi, Tiyamike atagwira nsonga ya chitenje cha mayi ake. Sanalire aliyense. Mkazi wanga anangondiuza kuti ndisakaiwale kudya.

Tinkagona m'nyumba ya malata yooneka ngati basi yopanda matayala, pamodzi ndi amuna asanu ndi mmodzi a ku Mexico. Poyamba tinkangomwetulirana. Kenako iwo anatiphunzitsa kudya tizitumbuwa tawo ta chimanga topyapyala ngati tsamba, ndi tsabola wolilitsa munthu wamkulu. Ife tinakumba maenje kuseri kwa nyumba n'kuwaphunzitsa bawo. Patapita miyezi itatu ankatidya popanda chifundo, ndipo Fanuwelo ankadandaula kuti tinawaphunzitsa mopitirira muyezo.

Fodya ndi yemweyu wa bale timamudziwayu, koma kagwiridwe kake ndi kena. Kwathu timathyola tsamba ndi tsamba, n'kusoka. Kumeneko amadula mtengo wonse ndi kankhwangwa, kuubaya pa ndodo yokhala ndi chisonga, n'kukaupachika m'chigafa cha matabwa chachitali ngati tchalitchi. Umakwera pamwamba, kutangadza miyendo pa mitanda iwiri, mnzako n'kumakupatsira ndodo kuchokera pansi. Ukagwira fodya wamame manja ali pamtunda, madzulo umasanza mpaka kuona ngati ukufa. Nyengo yozizira tinkakhala m'kachipinda kotenthedwa ndi mbaula, tikusankha masamba, wailesi ikuimba nyimbo za magitala. Kununkhira kwa m'kachipindako ndimakumvabe. Zomwe ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi, ndipo ndi zimene zinaphunzitsa Tiyamike.

Chaka choyamba chomwecho a Harold anatituma, ine ndi Fanuwelo, kukalambula pangodya ya munda wawo. Panali kamtunda, kumunsi kwake kuli khwawa la madzi. Mtengo panalibe ndi umodzi womwe. Panali minga, ndi kaudzu koyanga pansi ka maluwa abuluu, ndi miyala yaphanthiphanthi, ina yoimirira, ina yogwa. A Harold ankafuna kuti pamenepo palimidwe, ndipo miyalayo tikaithire pakhwawa pamene thirakitala inkatitimira. Tinaona kuti miyalayo ili m'mizere. Fanuwelo anaseka, nati ku America ngakhale miyala amachita kubzala ndi chingwe. Ndinaseka nanenso. Tinaizula masiku awiri, tikuimba. Mwala wina unali ndi mikwasa ingapo pamwamba, ndipo ndinaganiza kuti ndi pulawo inaukanda kalekale.

Chaka chotsatira tinabzalapo fodya. Anakula kuposa pena paliponse m'mundamo.

Kamzinda kake kanali kakang'ono, ka maloboti amodzi. Pakati panali khoti la njerwa zofiira lokhala ndi wotchi yotsalira nthawi, ndipo misewu yonse inkathera pamenepo. Dera lonse lozungulira amalitcha kaunti, ngati mmene ife timanenera boma. Loweruka tinkapita kukagula zakudya, ndipo ndi m'sitolo mmenemo mmene tinakumana ndi mayi Odessa. Anali mayi wachikuda ngati ife, wamfupi, wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, wosachoka panyumba opanda chipewa. Anatimva tikukangana za mtengo wa nyemba m'Chichewa, naima, natifunsa kuti chimenecho ndi chilankhulo chanji. Fanuwelo atayankha kuti ndife a ku Africa, anagwira manja athu onse awiri osafuna kuwasiya. Lamlungu lotsatira anabwera kudzatitenga pa galimoto yawo yakale.

Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse linali lawo. Tinkapemphera kutchalitchi kwawo, kumene anthu amaimba mpaka matabwa apansi kunjenjemera, kenako kukadya kunyumba kwawo: nkhuku yokazinga, masamba ofanana ndi repu, ndi chigumu cha chimanga. Ankatitcha abale awo a kutsidya. Chingerezi changa chinali cha pa esiteti, cha «inde bwana» ndi «mawa», choncho Fanuwelo ndiye ankamasulira, nthawi zina n'kumawonjezera zake.

Mayiwa anali ndi ntchito imodzi imene inawagwira mtima: kusonkhanitsa mbiri ya anthu akuda a m'kauntimo. Ankati buku la mbiri ya derali, limene linalembedwa kale, lili ndi mayina a akavalo a anthu olemera, koma la agogo awo mulibe. Ku laibulale anawapatsa tebulo pangodya, ndipo kunyumba kwawo makatoni a zithunzi ndi makalata anafika mpaka kudenga. Tikatha kudya ankatikweza m'galimoto n'kutizungulitsa kaunti yonse. Anationetsa pamadooko pamene azungu oyamba anawolokera mtsinje n'kumanga msasa umene unadzakhala mzindawo. Anationetsa mipanda ya miyala yosanjidwa popanda simenti, yoyenda mitunda ndi mitunda, nati manja a anthu awo ali m'menemo. Anaimika galimoto pambali pa khoti n'kuloza pamene akapolo ankagulitsidwira, pamene panthawiyo panali benchi ndi maluwa. Sukulu imene iwo anaphunzirako, ya ana akuda okhaokha, inali itasanduka mosungira udzu wa ng'ombe. Siteshoni ya sitima inalipo, njanji anazula. Nyumba zazikulu za okushoni ya fodya zinali zitayamba kutsekedwa imodziimodzi.

Ine ndinkakonda maulendo amenewo kuposa china chilichonse. Munthu wosadziwa kuwerenga saona zikwangwani, koma mayi Odessa ankandiwerengera dziko lenilenilo. Nawonso ankatifunsa za kwathu, makamaka za maliro: amene amakumba, amene amasambitsa, kumene mutu umaloza. Ndinawafotokozera kuti kwathu manda ndi nkhalango. Umawaona uli kutali, mitengo yowirira pakati pa minda, ndipo palibe amene amadulamo ngakhale kamtengo kotokosera m'mano. Analemba zimenezo m'kope mwawo.

Linali Lamlungu lina m'chaka chathu chachitatu, tili patebulo, pamene anatiuza za chinthu chimodzi chimene chinawakanika kupeza. Anati kale dera la kumene tinkagwirako ntchito linali munda umodzi waukulu wa akapolo, umene pambuyo pake unadulidwadulidwa n'kugulitsidwa. Akapolo a pamenepo anali ndi manda awo. Mapepala a malo anapsa pamene khoti lakale linapsa. Mayi Odessa anapitako kamodzi kokha ali kamtsikana, atatengedwa ndi agogo awo pa ngolo, chifukwa mayi a agogo awowo anagona pamenepo. Mayina a anthu oikidwa pamalopo anali nawo, olembedwa kumbuyo kwa Baibulo lakale la mpingo. Chomwe ankafuna asanamwalire chinali kupeza malowo, kuwatchinga ndi mpanda, ndi kuwerenga mayinawo mokweza atayima pomwepo. Anakumbukira kamtunda, ndi madzi kumunsi kwake. Anati akapolo sankaikiridwa ziliza, ankangowaimikira mwala wa m'munda kumutu, m'mizere, ndipo achibale ankabzalapo kaudzu koyanga ka maluwa abuluu.

Fanuwelo analeka kumasulira pakati pa chiganizo. Sindinafunikire womasulira. Manja a mayiwo anali ataonetsa kale kutalika kwa miyalayo.

«Inu mumayenda m'minda yonseyi,» anatero mayi Odessa, «ndipo maso anu amakhala pansi tsiku lonse. Mukadzaona malo otere, mudzandiuze, abale anga.»

Ndinavomera ndi mutu. Chigumu chinali m'kamwa mwanga, ndipo ndinachimeza.

M'mawa mwake tili pamwamba m'chigafa, ndinauza Fanuwelo kuti tiyenera kukawauza. Anayang'ana pansi kaye kuti aone ngati pali amene akumva, ngati kuti m'Kentucky monse munali wina womva Chichewa.

«Achimwene, mwatopa nayo America? Mukufuna ndege ya mawa?»

Ndinati tapalamula pamanda, ndipo wopalamula pamanda sakhala chete.

«Manda ake ati? Munaonapo mtengo pamenepo inu? Kwathu manda amaoneka kuti ndi manda. Ife anatituma.»

Anandikumbutsa kuti mapepala athu ali m'manja mwa a Harold. Anati anzathu a ku Mexico anamuuzapo kuti kuno kukhudza manda ndi mlandu wa kundende, ndipo apolisi akabwera sadzafunsa amene analamula, adzafunsa amene ananyamula. Anatchula ana ake, natchulanso Tiyamike. Sanali munthu woipa Fanuwelo. Tsiku limenelo nkhomaliro sanadye.

Ndinayesa kamodzi kwa a Harold. Ndinawapeza akukonza thirakitala, ndipo ndi Chingerezi changa chothyokathyoka ndinawafunsa ngati pakamtunda paja panali anthu. Sanadzutse mutu. Anati malowo anagula ku banki, palibe anawauzapo kanthu, ndipo miyala ndi miyala. Kenako anandifunsa kuti mwana wanga wamkazi uja sukulu ikumuyendera bwanji. Mpaka lero sindidziwa ngati ankangofunsa.

Mayi Odessa sindinawauze. Chimene chimandiwawa kwambiri si kuzula miyalayo, pakuti sindinkadziwa. Chimandiwawa n'chakuti ndinapitiriza kudya patebulo la mayi Odessa zaka zina ziwiri. Lamlungu lina anatidutsitsa mumsewu wa kumunda kwa a Harold. Anaimika galimoto, nayang'ana kamtundako nthawi yaitali. Fodya anali atafika m'mapewa, wobiriwira bwino. Anapukusa mutu, nati pamafanana, koma palibe miyala. Ine ndinali pampando wakumbuyo, chipewa chili m'manja. Analiza galimoto, tinapita.

Fodya atayamba kutsika mtengo, a Harold anati sadzatiitananso. Tsiku lotsazikana mayi Odessa anatipatsa aliyense chofunda chosokedwa ndi zigamba, natipempherera atagwira mitu yathu. Anati tikapereke moni ku Africa yense.

Kumudzi ndinapeza ana anga atatalika, akundipatsa moni wogwada ngati mlendo. Mng'ono wanga anali atalowa m'dimba langa ndipo sanaone chifukwa chotulukamo. Abale ena ankabwera m'mawa uliwonse kudzaona munthu wa ku America, ndipo ataona kuti sutikesi yatha analeka. Mkazi wanga yekha ndiye sanasinthe, kupatula kuti anazolowera kulamula pakhomo, ndipo ndinaona kuti ankalamula bwino. Fanuwelo anabwerera ku Dowa. Tinaonana kawiri, osatchulapo nkhani ija, kenako ndinamva kuti anatisiya.

Sukulu ya kwacha ndinalowa chifukwa cha manyazi, Tiyamike atayamba kunditumizira makalata kuchokera ku koleji ya unamwino, ine n'kumakawerengetsa kwa anthu. Tinkakhala pansi pa mtengo wa mango, ine bambo ndekha pakati pa amayi. Tsiku lina mphunzitsi analemba pa bolodi chilembo cha M, mizere iwiri yoimirira ndi chigwa pakati. Ndinachizindikira. Si pulawo inakanda mwala uja. Munthu anakhala pansi ndi msomali kapena mpeni, nalemba chimene ankatha kulemba. Ndinatuluka m'kalasimo, amayi aja n'kumaseka kuti abambo yawakanika M.

Mkazi wanga atamwalira, Tiyamike anati sindingakhale ndekha, ndipo ndinabwera kuno. Moyo wa kuno si woipa. Ndimakwera basi kupita ku Spinney Hill kukagula ufa ndi nyama ya mbuzi kwa Asilamu, amene amanditcha amalume. Nyengo ya chikondwerero cha Amwenye ndimapita ku Belgrave kukaona magetsi. Nkhani ija ndinkaganiza kuti ndidzapita nayo m'manda.

Loweruka lina Tiyamike anali ndi shifiti ya maola ochepa kunyumba yosamalira okalamba, m'kamzinda kena kunja kwa Leicester, ndipo ananditenga kuti ndikapitidwe mphepo. Ndinamudikira pa benchi m'bwalo la tchalitchi chakale. Kuno manda amakhala pakhomo pa tchalitchi penipeni, opanda mantha. Panali azungu okalamba anayi kapena asanu, atagwada ndi maburashi ndi makope, akutsuka miyala yakuda yopyapyala. Bambo wina wa ndodo anandifotokozera kuti ndi gulu lofufuza mbiri ya kamzindako, ndipo akulemba dzina lililonse mvula isanalifufute. Anati ena mwa anthuwo anali osoka masokosi chabe, alibenso mbumba, koma anakhalapo. Anandionetsa mwala umene anaupeza utagwa chafufumimba n'kuudzutsa sabata yomweyo. Ankanyadira ngati wapeza mwana wotayika.

Tiyamike anandipeza ndili pabenchi pomwepo. Ndinamuuza zonse m'galimoto, tisananyamuke. Anamvetsera atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

«Adadi, zaka zonsezi? Ngakhale amami simunawauze?»

Ndinati ayi.

«Ndiye fizi yanga ija...» Anatulutsa foni. «Dzina la tauniyo mukulikumbukira? Ndisetche pa intaneti.»

Sizinatenge nthawi. Laibulale ija ilipobe. Mayi Odessa anamwalira zaka zingapo zapitazo. Makatoni awo ali ku laibulaleko, ndipo mwana wawo wamwamuna, a Marcus, amene panthawi yathu ankakhala kumzinda wakutali, anabwerera kwawo atapuma pantchito ndipo ndiye akuyang'anira. Pa tsamba la laibulaleyo analemba kuti manda aja sanapezekebe.

Ndinajambula mapu ndi dzanja langa. Mayadi sindiwadziwa, koma mizere ya fodya ndimaidziwa. Ndinayambira pachitseko cha chigafa, kuwerenga mizere kulowera kum'mawa mpaka pakamtunda, n'kuika khwawa ndi powolokera thirakitala. Kalata ndinalemba m'Chichewa, Tiyamike n'kuimasulira. Ankafuna kufewetsa mawu ena, kuti alembe zoti ndinali mlendo wamantha. Ndinamuuza kuti alembe momwe ndanenera: ndinadziwa, ndinadya nawo, sindinanene.

Panapita miyezi iwiri. Kenako masana ena a Lamlungu, titangobwera kutchalitchi, foni ya Tiyamike inalira, ya kanema. Anali a Marcus, bambo wa msinkhu wanga, wa magalasi, chibwano ngati cha mayi awo. Tiyamike anakhala pambali panga kuti azimasulira. Anati a Harold anamwalira, munda uli ndi mwini wina woweta ng'ombe, ndipo ameneyo anawalola kulowa. Anatsata mapu anga. Pakamtundapo, udzu utatchetchedwa, nthaka ikuoneka yolowa m'katim'kati m'mizere. Pakhwawa anafukula miyala ina, ndipo wa chilembo uja anaupeza. Ankalankhula mosakweza mawu, osamwetulira.

Ndinapempha Tiyamike awauze kuti ndikupepesa, kwa iwo ndi kwa mayi awo.

«Amayi ankakutchulani mpaka kumapeto,» anatero a Marcus. «Chithunzi chanu chinali pa firiji.» Kenako anati ali ndi funso: miyala ina inamira m'matope ndipo sangaipeze yonse. Kodi ndikukumbukira kuti inalipo ingati?

Ndinati makumi awiri ndi itatu. Ndinawauza kuti mayi awo atatifotokozera, ndinapita ndekha pakhwawapo, kulowa m'madzi, n'kuigwira umodziumodzi.

Anatsegula kope, nayendetsa chala. Anati m'Baibulo muja muli mayina khumi ndi asanu ndi anayi. Anayi akusowa. Mwina ndalakwitsa kuwerenga?

«Sindinalakwitse,» ndinatero. «Inayi inali ing'onoing'ono. Ndinkainyamula ndi dzanja limodzi. Inali pamodzi, kumapeto kwa mzere wa kufupi ndi madzi.»

Tiyamike anamasulira. A Marcus anavula magalasi. Ananena liwu limodzi m'Chingerezi, ndipo limenelo ndinalimva ndekha: ana.

Za kukhululuka sanatchule, ndipo ine sindinafunsenso. Anati mpanda akufuna kuuyamba mwezi wamawa, ndipo sakufuna kusiya wina kunja. Anakweza mapu anga pa kanemapo, nandipempha kuti ndiwalozere pamene anawo agona. Chala changa chinkaphimba pepala lonse pagalasi la foni. Choncho Tiyamike anabweretsa pepala lina, ndinajambulanso kamtunda ndi khwawa, ndipo kumapeto kwa mzere wa kumadzi ndinadontheza timadontho tinayi, a Marcus akudikira.